Madzi Amene Telala Anataya

Telala anali ataluma mapini atatu pamene mlamu wake analowa m'shopu osaodira, n'kudzigwetsa pa benchi, pamwamba penipeni pa diresi la ukwati la mwiniwake.

"Dzukanipo alamu, mwakhalira ukwati wa anthu," anatero Telala, mawu akutulukira m'mbali mwa mapiniwo.

"Wa anthu mukuusamala, wanu ukulongedza chikwama." Mlamuyo anasolola diresilo n'kulikutumula pang'ono. "Achimwene akuti Lamlungu lino akuyankha za foni ija. Akuuzani?"

Telala analavulira mapini aja m'dzanja n'kuyamba kuwabaya pa kapilo kake. Sanauzidwe. Za foniyo ankazidziwa, chifukwa inalira iye ali pomwepo masabata atatu apitawo, mwamuna wake n'kuyamba kuyankhula chinenero chachilendo, akuseka kasekedwe kamene Telala anali asanakamve chibwerereni bamboyo. Koma za Lamlungu ankazimva kumene, ndipo ankazimvera kwa mlamu.

Mwamuna wake anthu ankamutcha Ankhosa. Anakhala zaka khumi ndi chimodzi kudziko lakutali, pafamu ina ya kumapiri, akukama nkhosa ndi kupanga tchizi. Ankabwera kamodzi pa zaka ziwiri, mwezi umodzi basi, fungo la khola lisanathe m'jekete n'kubwereranso. Zaka zonsezo Telala analera yekha ana awiri, anafolera nyumba, anakwatitsa wamkulu, uku akudula miyezi pa kalendala ya pakhoma. Chaka chatha mwini famuyo atamwalira, bamboyo anabwereratu. Tsopano mwana wa malemuyo ndi amene anaimba: wopanga tchizi watsopano wachoka, nkhosa zatsala pang'ono kuswa, bwererani mudzatithandize, ngakhale zaka zitatu zokha.

"Zaka zitatu zokha," anatero Telala. "Ngati akunena zopita kumsika."

"Koma inu alamu simuwaona? Munthu ali kuno thupi lokha. Dzulo kwathu anatha maola awiri akutifotokozera za tchizi chawocho. Akuti choyera ngati choko, chamchere, chonyenyeka m'manja. Amuna anga mpaka anayamba kuwodzera, iwo osaona n'komwe."

"Achimwene anu amenewo."

"Amuna anu amenewo. Ine ndinakupatsani ali bwinobwino." Mlamuyo anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Komatu chilipo kuno. Ndinachiona m'sitolo ya mayi wa magalasi uja, kuseri kwa malo okwerera basi. Chili m'chidebe, chikusambira."

Telala anaponda makina, singano n'kuyamba kuthamanga m'mphepete mwa nsalu. Mlamu atachoka, iye anapitiriza kusoka, koma mutu uli kwina. Ngati chinthu chimene chikuitanira mwamuna wake kumapiri chili m'chidebe kuseri kwa malo okwerera basi, ndiye kuti ulendo wake ndi wa mphindi makumi awiri wapansi. Palibe chifukwa cha chikwama.

Linali Lachitatu. Anatseka shopu dzuwa likadali pamutu.

Sitoloyo inali yopapatiza, yodzaza mabotolo ndi zitini zimene Telala sankadziwa ntchito yake. Kumapeto kwake kunali firiji ya galasi, ndipo kuseri kwa firijiyo kunakhala mayi wonenepa bwino, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Ndimafuna tchizi cha nkhosa," anatero Telala monong'ona, ngati wogula mankhwala a matenda ochititsa manyazi.

Mayi wa magalasi anatulutsa zidebe ziwiri. "Ichi ndi cha mkaka wa ng'ombe, changotengera maonekedwe. Ichi ndiye cha nkhosa chenicheni. Talawani kaye, musagule chinthu chosachidziwa." Anamupatsa kachidutswa pansonga ya mpeni.

Telala anaika pa lilime. Mchere ndi umene unayamba kumumenya, kenako kuwawasa ngati kwa mkaka wosasa, ndipo pamapeto panabwera kafungo kena kamene anakazindikira nthawi yomweyo. Kanali kafungo ka jekete lija. Anameza movutikira, n'kufunsa mtengo wa chibenthu chathunthu. Ataumva anagwira pakamwa.

"Nkhosayo amaikama ndi adokotala?"

Mayi wa magalasi anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. "Nkhosa ndi youmira mkaka, mayi. Pamene ng'ombe yadzaza ndowa, iyo yangokupatsani wa m'jagi. Koma dikirani ndikuonetseni khomo lolowera ife osauka." Anapendeketsa chidebe chija. Pansi pake panali zidutswa zobenthuka, zina ngati chala, zina ngati dzira. "Olemera amafuna cha ngodya zinayi, choti akachionetse pa mbale alendo akabwera. Zobenthukazi ndimagulitsa theka la mtengo. Kukoma n'kumodzimodzi. Nanga si kunyumba mukachinyenyanyenya basi? Komanso ichi sachidya ngati mbatata ayi. Kachidutswa ngati bokosi la machesi kakometsa mbale ya anthu anayi."

Telala anasankha zidutswa zokulirapo, akuloza ndi chala kunja kwa chidebe. Koma ataona kuti mayiyo akuzitunga pamodzi ndi madzi, anakweza dzanja. Anali ataberedwapo kambiri pa sikelo ndi anthu onyowetsa katundu kuti alemere.

"Madziwo ayi. Ndikugula tchizi. Madzi kwathu ali pampopi."

"Ndiyeza chopanda madzi, musadandaule." Mayiyo anayeza, anaika zidutswazo m'kabakuli ka pulasitiki, kenako anatunga madzi a m'chidebe muja n'kuthira mpaka zonse zinamira. "Awa ndi aulere. Tsono mukafika kunyumba, madziwa…"

"Musavutike," anamudula Telala. "Kunyumba kuli katswiri. Amuna anga apanga chimenechi zaka khumi ndi chimodzi."

"Aa! Ndiye ine ndingakuuzeni chiyani? Mukawapatse moni aphunzitsi."

Telala anatuluka m'sitolomo khosi lili chilili. Aka kanali koyamba kuti zaka zija zimupatse chonyadira pamaso pa munthu.

Anapeza mwamuna wake ali pakhonde, pa mpando wake wa masiku onse woyang'ana kumsewu. Manja anali pamaondo, ndipo zala zinkadzipinda zokha, chimodzi pambuyo pa chinzake, kufinya mpweya. Ankatero osadziwa.

"Mwaweruka msanga lero, mayi."

"Ulusi unandithera," anatero Telala, akukanikiza chikwama m'khwapa. Kabakuli kaja kanali pansi pa zigamba za nsalu.

Kukhitchini anatseka chitseko n'kutsegula kabakuliko. Madzi ake anali otuwa ngati otsukira mpunga, tizinthu toyera tikuyandama pamwamba. Telala anali mayi waukhondo, woti mapoto ake munthu n'kudziyang'anirapo nkhope. Anaganiza za chidebe chija, masiku amene chakhala m'sitolo, ndi kangati chikho chalowamo ndi kutuluka. Ayi, mwamuna wake sangadye za m'madzi otere. Anawakhuthulira mu sinki onse. Anatsuka chidutswa chilichonse pampopi mosamala ngati akusambitsa khanda, anaziika m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, n'kuthiramo madzi owiritsa ozizira, oyera mbee. Botololo analibisa m'firiji kuseri kwa kabichi. Loweruka masana, Lamlungu lisanafike, adzaliika patebulo.

Lachinayi ndi Lachisanu anadutsa mwakachetechete. Ankhosa anatulutsa jekete lija m'kabati n'kuliyanika pachingwe, akuti lingopitidwa mphepo. Telala analiona, osafunsa. Pa chakudya bamboyo ankadya pang'ono, kusamba m'manja, n'kunena kuti, "Zikomo mayi, ndakhuta," mwaulemu wonse, ngati mlendo wogona tsiku limodzi. Za Lamlungu palibe anazitchula. Kushopu Telala analumikiza mkono wa malaya chagada, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambireni ntchito, ndipo anatha theka la tsiku akusomola.

Ankati akakhala phee, ankadzifunsa kuti zinatheka bwanji. Zaka zonse zija ankalakalaka kumva nsapato za mwamuna wake pakhomo. Ankaphika n'kumuikira mbale mwangozi. Ankasunga nkhani zing'onozing'ono, za mwana wagwa panjinga, za mphaka wa oyandikana nawo, kuti adzamuuze akadzabwera. Tsopano munthuyo anali pakhonde pomwepa, mkono umodzi kuchokera pazenera la khitchini, koma Telala ankamusowabe chimodzimodzi.

Loweruka sanatsegule shopu. Anagula buledi wofunda, tomato, anyezi, nkhaka ziwiri ndi mazira anayi, poti anamvapo mwamuna wake akutchula zimenezi pocheza ndi anthu ena. Anayala nsalu yatsopano patebulo. Kenako anasuntha kabichi uja n'kutulutsa botolo.

Madzi oyera aja anali atasanduka ngati mkaka wosungunula. Zidutswa zinali zitafufuma, ngodya zonse zitatha, ngati sopo woiwalika m'beseni. Anapisamo supuni. Kunja kwake kunali phalaphala, koterera. Analawa pang'ono: mchere uja kunalibe, kuwawasa kuja kunalibe, kunangotsala kuzizira.

Telala anakhala pa kampando ka m'khitchini, botolo lili pamiyendo. Sanalire. Anangoliyang'ana, supuni ili m'manja.

Chitseko chinatseguka. "Mayi, kodi machesi…" Ankhosa anaima. Mphuno yake inagwedera. Anayang'ana tebulo, tomato, nkhaka, kenako botolo lija, ndipo anayandikira pang'onopang'ono ngati woopa kudzutsa mwana.

"Mwachitenga kuti chimenechi?"

"Ndinagula."

Bamboyo analandira botololo, analikweza poyera, n'kulipendeketsa. "Nanga madzi ake ali kuti?"

"Ndinataya. Anali akuda."

"Munataya!" Ankhosa anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya mkazi wake anameza. "Mayi, madzi aja ndi mchere. Ndiwo nyumba yake. Chimakhala m'menemo miyezi osaonongeka. Mukachiika m'madzi wamba mchere wonse umatuluka, icho n'kumasungunuka. Mwachiika liti?"

"Lachitatu."

"Mayo ine."

"Nanga ndikanadziwa bwanji?" Mawu a Telala anakwera okha. "Munandiuzapo? Mumakauza alamu ndi amuna awo mpaka kuwagonetsa tulo. Ine mumangondiuza kuti zikomo ndakhuta. Ndakanyada kusitolo kuti kwathu kuli katswiri, chonsecho katswiriyo sanandiphunzitsepo ngakhale kamodzi."

Ankhosa anaika botolo patebulo, anapinda mikono ya malaya, n'kupita pa sinki. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, pakati pa zala, pansi pa zikhadabo, nthawi yaitali, kasambidwe kamene Telala anali asanakaone.

"Tereka madzi," anatero. Kenako anadzigwira. "Terekani madzi, mayi. Makapu awiri. Mundipatse mpeni waung'ono uja, ndi kansalu koyera kosagwirapo ntchito. Viniga tili naye?"

Telala anadzuka. Kansalu anakatenga m'chikwama chake cha zigamba.

Bamboyo anavuula zidutswazo chimodzichimodzi n'kuziika pa kansalu. Chilichonse ankachinunkhiza kaye, kuchidina ndi chala chachikulu, kenako kuchipala ndi mpeni mofulumira, phalaphala lija likugwera m'mbale, mpaka patsale mtima wake woyera wolimba. Ziwiri zing'onozing'ono anazikankhira pambali. "Izi zapita. Koma zinazi zikadali ndi moyo. Firiji yatithandiza." Madzi atawira anathiramo mchere, timasupuni tiwiri pa kapu iliyonse, ndi kadontho ka viniga, anatakasa, n'kuika poto m'beseni la madzi ozizira.

"Azizire kaye, otentha angachiphe. Vinigayo ndi woti chisaterere. Chizimira chonse, chikatulukira mutu chimauma n'kuchita chikasu. Ndipo muno simulowa chala ayi, supuni yoyera basi. Tsiku lina mukadzachipeza chowawa mchere kwambiri, mudzadule chokhacho chimene mukufuna kudya, n'kuchiviika m'madzi wamba kanthawi kochepa. Kanthawi, mayi. Osati kuyambira Lachitatu."

"Ndamva, aphunzitsi."

Telala anatsamira firiji n'kumamuyang'ana. Msana wa bamboyo unali utawongoka. Ankayenda pakati pa sinki ndi tebulo osagunda kanthu, dzanja likupeza chinthu maso asanachione, ndipo pansi pa mpweya ankang'ung'udza kanyimbo. Apa m'pamene Telala anazindikira kuti mwamuna wake anali asanamuonepo akugwira ntchito yake. Ankamuona pa tchuthi, atatopa, akugona mpaka dzuwa kukwera. Ankamuona pakhonde. Munthu uyu wa mikono yopinda, wolamula poto ndi mpeni, anakhala zaka khumi ndi chimodzi kwa anthu ena, ndipo iwo ndi amene ankamudziwa.

Ankhosa anasiya zidutswa ziwiri panja, zotsalazo n'kuzimiza m'madzi atsopano aja. Anadula tomato m'zibenthu zikuluzikulu, nkhaka, anyezi wopyapyala, anathira mafuta pang'ono, n'kunyenyera chidutswa chimodzi pamwamba ndi zala. Chinacho anachinyenyera m'mazira ali pamoto, atatsala pang'ono kupsa.

"Sichisungunuka ngati batala, chimangofewa. Muzichiika kumapeto. Pa nyemba zotsala dzulo chimakoma. Pa dzungu lootcha ndiye musanene. Chakudya cha anthu osauka chimenechi kumene kuja, musachione kudula kuno."

Telala anatambasula dzanja kuti atenge mchere, mwachizolowezi. Bamboyo anamugwira pamkono.

"Pamene pali ichi mchere sufunika." Analawa mazirawo, n'kukwinya pamphumi. "Koma lero lokha thiraniko pang'ono, poti munachichapa."

Telala anaseka mosafuna, misozi n'kutuluka nayo limodzi. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja.

Anadya pa nsalu yatsopano ija. Ankhosa anadya ngati munthu wochokera kumunda, anapukuta mbale ndi buledi mpaka inawala, osanena kuti zikomo ndakhuta. Telala anadya pang'ono. Kunali kukoma kwachilendo, koma tomato uja anamveka ngati tomato kuposa masiku onse. Anadikira kuti mwamuna wake ameze chomaliza.

"Ndiye mwaona kuti chilipo kuno," anatero, akusalaza nsalu ndi chikhatho. "Sitoloyo si patali. Zobenthuka amagulitsa motsika. Sabata iliyonse nditha kumagula, ndipo madzi sindidzatayanso."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana tebulo, nsalu, botolo, ndipo Telala anaona kuti wamvetsa zonse.

"Alamu anu akuuzani za mawa."

"Anandiuza iwo, poti eni ake analibe pakamwa."

"Ndimaopa, mayi." Ankhosa anakankha mbale pang'ono. "Si kudya kwake ayi. Kumene kuja ndinachidya m'mawa, masana, madzulo, mpaka kunyansidwa nacho. Ndinkalota nyemba zanu. Chimene chimandisowa ndi china. M'mawa mkaka ukagwirana mumphika waukulu uja, umapisamo chala, n'kudziwa kuti wakwana kudula kapena udikire pang'ono. Palibe wotchi imene ingakuuze. Anthu anayi amaima kumbuyo kwako, kudikira kuti unene. Kuno ndikadzuka palibe chondidikira. Nyumba munamanga. Ana munalera. Ngakhale babu likapsa mumasintha nokha, ine ndisanaimirire."

"Ndinazolowera."

"Ndikudziwa. Sindikukudzudzulani. Ndine ndinakuzoloweretsani." Anapukusa mutu. "Kumene kuja tsiku lililonse mtima unali kuno. Ndabwera kuno, manja atsala uko. Sindikudziwa kuti munthu amatani."

"Ndiye mupita."

"Mukati ndisapite, sindipita. Mawa ndiwauza kuti apeze wina. Ndikunena zoona."

Telala anadziwa kuti akunenadi zoona. Liwu limodzi lokha, ndipo jekete lija libwerera m'kabati. Bamboyo adzakhala, sadzadandaula, adzamuthokoza pa chakudya chilichonse, ndipo zala zija zidzapitiriza kufinya mpweya pakhonde mpaka zidzaleke zokha. Akati pitani, ndiye kalendala ina, ndi ina, ndi inanso, iye ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ana atachoka, nyumba yonseyi ili pululu. Anayang'ana makoma a khitchini. Matailosi a pa sinki anaika yekha ndi mmisiri wina waulesi, chaka chimene mwana wamng'ono anadwala chikuku. Shelefu anakhoma yekha, ndipo inapendekeka pang'ono mpaka lero.

"Chipinda chanu cha kumeneko," anatero, "n'chachikulu bwanji?"

Ankhosa anadabwa. Anadzuka, anaima pa firiji, n'kuyenda mapazi anayi kulowera kuchitseko. "Kuchoka apo kufika apa. M'lifupi chimodzimodzi."

"Zenera lilipo?"

"Limodzi. Loyang'ana kukhola."

"Pansi pa zenerapo makina osokera angakwane?"

Bamboyo anakhala chiimire pachitseko, pakamwa pali yasa. "Mayi, kumene kuja kumazizira. Kuzizira koti madzi amauma m'ndowa. Chinenero simuchidziwa. Sitolo yapafupi ndi ulendo wa ola lathunthu. Nanga shopu? Nyumba ino? Mdzukulu wanu akubadwa mwezi wa mawa uno."

"Zimene ndikusiya ndikuzidziwa, musandiwerengere. Ndinazimanga ndine." Za mdzukulu zokhazo ndi zimene zinamubaya mumtima, koma anapitiriza. "Kudikira ndiye ndatopa nako, bambo. Ndadikira muli kutali, ndadikira muli pakhonde. Kwakwana. Anthu a kumeneko savala zovala? Sizing'ambika?"

"Zimang'ambika kwambiri. Mipanda yake ndi ya waya."

"Basi."

"Mapepala anu a ulendo angatenge miyezi. Mwinanso angakane."

"Akakana, muwauze apeze wina. Mmodzi sapita. Ndipo musadikire mawa, imbani pompano ndikumva."

Ankhosa anapukuta manja pa thalauza, ngakhale anali ouma, n'kutulutsa foni. Inaitana nthawi yaitali. Itayankhidwa anayamba ndi moni, akuseka, kenako mawu anatsika n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Telala sanamvetse liwu ngakhale limodzi. Anangoona mwamuna wake akuimika zala ziwiri m'mwamba, ngati wa kutsidya linalo akumuona. Kenako mawu a mufoni anayankhula, n'kuyankhulabe, ndipo Ankhosa anatseka foniyo ndi chikhatho.

"Akuti za mapepala athandiza, koma sakulonjeza tsiku. Ine ndidikire kuno mpaka atuluke, adzayamba ndi wongogwirizira. Koma akuti bedi la m'chipindamo ndi la munthu mmodzi."

"Muwauze kuti tonse ndife oonda."

Bamboyo anamasulira, ndipo kuseka kwa mufoni kunamveka mpaka pa sinki.

Lolemba m'mawa Telala anatsegula shopu monga mwa masiku onse. Anasesa, anathira mafuta m'makina, anapachika diresi la ukwati lija poonekera kuti mwiniwake alipeze lokonzeka. Cha m'ma teni kunabwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ana aang'ono, mayi amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankamupatsa ntchito yosoka mayunifolomu onse a chaka chatsopano. Ntchito imeneyi ndi imene inagula malata a nyumba ija. Mayiyo anafunyulula nsalu yachitsanzo pa tebulo.

"Chaka chamawa tasintha mtundu, atelala. Taonani kukongola. Tiyamba kuyeza ana miyezi isanu ikubwerayi, monga kale."

Telala anaigwira nsaluyo, anaitikita pakati pa zala, n'kuikokera uku ndi uku. Inali nsalu yabwino, yolimba, yosavuta kudula. Anaona kale m'mutu mwake mmene kolala yake ingakhalire. Anaipinda bwinobwino, ngodya pa ngodya, n'kuibweza ndi manja awiri.

"Pepani aphunzitsi, chaka chamawa sindilonjeza. Tiyeni ndikuperekezeni kwa mnzanga wa patsidya pa msewuyu. Dzanja lake ndi labwino, koma mabatani muzimukumbutsa, amaika ochepa."

Anatseka chitseko cha shopu, kiyi n'kuika m'thumba, ndipo anawoloka msewu limodzi ndi mayiyo, nsalu ija ili m'manja mwa mwiniwake.